Mwala wa Pamanda Wakana Kutseguka

Kwaya ya ku Kabwata inali itayamba kale nyimbo ya kuuka kwa Ambuye, koma mwala wa pamanda sunasunthe. Bernadette, amene anabisala kuseri kwa manda a makatoni a sewero la Pasaka, anakankhanso swichi. Kamota kamene anachotsa m'pulinta yakale kanangolira, n'kumakankhira mwalawo kotsekera. Anabweza swichi mbali inayo, koma zinali chimodzimodzi. M'katimo Kalenga, amene ankasewera Yesu, anayamba kugogoda.

Dzulo lake zonse zinkayenda: swichi ikapita kumanja mwala unkatseka, ikapita kumanzere unkatseguka. Ntchitoyo ankaigwira mawaya awiri opingasana kumbuyo kwa swichi, amene amatembenuza magetsi a batire. Bernadette anasuzumira kumbuyoko. Wina anali atawaongola bwinobwino, n'kuwamanga ndi tepi yatsopano.

Fungo la pulasitiki yopserera linayamba kumveka. Anthu ankanong'onezana, kwaya n'kubwerezanso ndime yomweyo. Bernadette anazula mawaya a pa mota ndi zala, kutentha osakusamala, n'kuwasinthanitsa. Mwala unagubuduka, Kalenga anatuluka thukuta lili kamukamu, amayi n'kuimba nthungululu.

Ba Amock, amalume ake a Bernadette amene amaika magetsi m'nyumba za ku Woodlands, anamuweramira akumwetulira.

"Waona, mwana wanga? Mawaya yako yenze yopingasana, nayaongola m'mawa. Sembe wachita manyazi lelo."

Bernadette anayang'ana matuza a m'zala zake.

"Zikomo, amalume."