Makiyi Olemera a ku Area 11

A Nebert ankakhala okha m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina ku Area 2. Ntchito yawo inali yokonza piyano, koma chiyambireni matchalitchi kugula makibodi amagetsi, foni yawo inkatha mwezi wathunthu osalira.

Lolemba lina anawaitana ku Area 11, kwa a Donald, mkulu wa ku Rumphi amene anapuma ntchito ya boma. Chinyumbacho chinali zii. Akazi awo anamwalira, ana onse ali kunja, ndipo sitiroko inali itawafooketsa dzanja lamanzere.

"Piyanoyi siinaonongeke, achimwene," anatero a Donald. "Ndaonongeka ndine. Makiyiwa akundilemera. Mungawafewetse?"

A Nebert anatsegula kutsogolo kwa piyanoyo, nasuzumira mzere wa tinyundo tomenya nsambo. Fumbi linali mbuu. Anazula makiyi imodziimodzi, kupukuta timisomali tomwe makiyiwo amatsamirapo, kufewetsa kansalu kouma, kutembenuza tisikuluwu pang'onopang'ono. Akakonza kiyi imodzi, ankatenga chala cha a Donald n'kuchiikapo.

"Dinani. Yatsika?"

"Pang'ono chabe."

"Tibwerezenso."

Anatha masiku anayi. Masana ankamwera limodzi tiyi pakhonde, a Donald akusimba za akazi awo, a Nebert akungogwedeza mutu. Kwa zaka zambiri panalibe amene anawafunsapo a Nebert kuti shuga athire masipuni angati.

Lachinayi a Donald anaimba nyimbo ya m'buku ndi manja onse awiri. Lamanzere linkatsalira, koma linakafika kumapeto.

A Nebert akulongedza zida, mkuluyo anati, "Kiyi iyi yakumapetoyi ikulemerabe. Mubwerenso Lolemba."

A Nebert anaidina. Inatsika bwinobwino, n'kubwerera.

"Zoonadi ikulemera," anayankha.

Lolemba anakwera minibasi ya m'mawa, atagula mabanzi awiri. Pageti anapeza mayi wogwira ntchito m'nyumbamo akusesa masamba.

"Abwana kulibe," anatero mayiyo. "Anagwa kubafa Loweruka. Mwana wawo wabwera dzulo, wawatengera ku Joni. Akuti sabwereranso kuno."

"Nanga piyano?"

"Akuti tiiphimbe."

A Nebert anapempha kuti aiphimbe okha. Analowa, natseka chivundikiro cha makiyi, nayala nsalu mpaka pansi. Mabanzi aja anawasiyira mayiyo.

Kenako anayenda wapansi mpaka ku City Centre, nakaima pasiteji pakati pa anthu a m'maofesi, chikwama cha zida chili m'manja.