Msonkho Wakwera Pang'ono

Mu holo ya khonsolo munkatentha, ndipo fani imodzi yomwe inkagwira ntchito inkangosuntha fungo la thukuta kuchoka uku kupita uko. Womasulira chinenero chamanja anaima kutsogolo, pambali pa tebulo la mabwana, nsapato zikumuluma. Lamulo la ntchito yake linali limodzi: chimene khutu lamva, manja anene, osawonjezera, osachotsera. Khonsolo inkamulipira pa msonkhano uliwonse, ndipo misonkhanoyo ndi imene inkamudyetsa.

Pa benchi yoyamba panakhala anthu osamva a m'tauniyo, wokonza nsapato, wometa, ndi atelala, mayi yemwe anali mchemwali wake weniweni wa womasulirayo. Atelalawo ankangosunthasuntha pa benchipo. Mwini nyumba yomwe ankasokeramo anali atawauza kuti pofika madzulo amuyankhe ngati atenganso kashopuko chaka china, apo ayi alowamo wina. Lendi ankaikwanitsa mokokera. Chimene sankadziwa ndi msonkho watsopano wa khonsolo, ndipo n'chimene anasiyira madiresi a anthu osamaliza n'kubwera kuno.

Bwana wa zachuma anayankhula mokoma, mawu ake oterera ngati sopo wonyowa. Anatchula misewu, zinyalala, chitukuko, kugwirana manja. Atafika pa msonkho, anati wakwera pang'ono chabe, mogwirizana ndi mmene zinthu zilili. Womasulira anakweza dzanja pang'ono. Achemwali ake anakwinya nkhope n'kumufunsa ndi zala kuti pang'onopo ndi zingati. Iye anawayankha ndi maso okha kuti funsani nokha, ine si bwana.

Anafunsadi. Anaimirira, manja akuthamanga, womasulira n'kuwabwereka pakamwa pake.

"Ndikufuna nambala. Ya chaka chatha ndikuidziwa. Chaka chino ndi zingati?"

Bwana anamwetulira, nati limenelo ndi funso labwino kwambiri, ndipo zonse zidzamatidwa pa bolodi nthawi yake ikakwana. Ngati kuti mwini nyumba amadikira bolodi. Atelala anafunsanso, bwana anazembanso, uku akumwa madzi, uku akuponya diso pa wotchi. Kumbuyo, anthu akumva ankang'ung'udza, koma woimirira panalibe. Womasulira anapsa mtima, ndipo manyazi anamugwira. Manja ake ndi amene ankatula zopanda mutuzi kwa munthu yemwe anamuphunzitsa chinenerocho ali kamwana.

Kenako bwana anaphimba maikolofoni ndi chikhatho n'kuweramira kwa mlembi wake. Ananong'ona ndithu, koma womasulira anali pafupi kwambiri.

"Tikawauza pano kuti tawirikiza kawiri, muno sititulukamo bwino. Akaone okha mwezi wamawa."

Kaya chinali chizolowezi, kaya anachitira dala, ngakhale mwini wakeyo sakanatha kunena. Manja anangopita okha. Kuwirikiza kawiri, mwezi wamawa, akaone okha, sanasiyepo kalikonse.

Benchi yoyamba inasokonekera. Wometa anadziwomba pantchafu. Wokonza nsapato anatembenuka n'kumaonetsa zala ziwiri ku holo yonse. Anthu akumva, omwe sanamve kanthu, anayamba kudzuka m'mipando, ena kumakoka wometa malaya kuti tiuzeniko, wanena chiyani. Bwana anachotsa dzanja pa maikolofoni n'kupempha bata, koma palibe amene ankamuyang'ana. Mlembi anayandikira womasulira n'kumuuza chapansipansi kuti msonkhano wotsatira asadzavutike n'kubwera. Zimenezonso manja ake anazinena.

Atelala okha sanalowe nawo m'chipwirikiticho. Anakhala phee, maso pansi, chikwama pamiyendo. Womasulira ankawayang'ana mtima uli m'mwamba, akufuna aone kaya kumwetulira, kaya kugwedeza mutu kosonyeza kuti zitheka, tilimbana nazo. Sankadziwa koika manja ake tsopano.

Patapita kanthawi achemwali akewo anaimirira, anadutsa pakati pa anthu okangana, n'kudzaima patsogolo pake. Anamukonza kolala ya bulauzi, kenako anayankhula ndi manja odekha.

"Wachita bwino, mng'ono wanga. Tiye ukandithandize kutulutsa makina kusanade."