Maluwa Asanu ndi Limodzi

Chipepala cholengeza chionetsero cha mayi Dobrila ndinachikonza ndine, sindikana. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuyendetsa nyumba yoonetsera zojambula m'tauni mwathu muno, koma chimene ndinachita mlungu umenewo ngakhale mwana wa sukulu sakanachita. Ndinafuna kuti chioneke chamakono ngati za ku Belgrade. Ndinaika nkhope yawo yopanda mitundu, pansi pake dzina, kenaka zaka zimene agwira burashi: 1974–2024. M'mbali monse ndinazunguliza mzere wakuda wonenepa, n'kulemba m'munsi kuti Loweruka, 12 koloko masana. Ndinachiyang'ana pakompyuta n'kudziombera m'manja ndekha.

Mayi Dobrila ndi mbadwa ya konkuno. Zithunzi zawo zapachikidwa ku Belgrade, ku Novi Sad mpaka ku Vienna, koma kwawo kuno ayi ndithu. Nditawaimbira foni kuwapempha, sanafunse za makoma kapena magetsi monga amachitira anzawo. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Achimwene anga adzabwera?"

Achimwene awowo ndi a Radoje, alimi a zipatso za maplamu kuseri kwa njanji. Awiriwa anali atatha zaka makumi awiri ndi ziwiri osalankhulana. Mayi awo atamwalira, mayi Dobrila anali ku Vienna kutsegulira chionetsero, ndipo anafika maliro ataikidwa kale. A Radoje anawabwezera pageti ndi mawu amene tauni yonse imawadziwa pamtima: "Ine ndi iwe tidzaonana pamaliro ako, ndidzakuonetse mmene m'bale amafikira nthawi yake."

Ine pofuna chionetserocho ndinayankha kuti adzabwera. Bodza lenileni. Kalata yowaitana ndinatumiza kawiri, yachiwiriyo inabwerera yosatsegula.

Zipepala zija anakamata ndi a Svetozar, amene amatipachikira zithunzi. Anamata pamtengo waukulu wa pamsika, pamapolo a magetsi ndi pampanda wa tchalitchi.

"Ndaika pamene anthu amaima n'kuwerenga," anatero monyada. Ine osafunsa n'komwe kuti pamenepo anthu amawerengapo chiyani.

Loweruka linafika. Mayi Dobrila anali m'kachipinda kakumbuyo akumwa khofi, ine ndikuyala matambula a vinyo. Ndinayala khumi ndi awiri, poti anthu athu ndimawadziwa: aphunzitsi awiri, dokotala wa mano, ndi ena otsata vinyo waulere. Itangodutsa hafu leveni ndinaona chigulu chikubwera mumsewu, onse atavala zakuda. Patsogolo panali mayi Stamena ogulitsa buledi, kandulo kudzanja lina, maluwa anayi kudzanja linalo. Anandikumbatira misozi ili mbwe.

"Pepa, Zorana mwanawe. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Thupi mwaligoneka kuti?"

"Thupi lanji, amayi?"

"Aa! Si mwamata zamaliro tauni yonse? Ife tinangodabwa kuti mwambo uli kuno osati kutchalitchi, chaka chobadwa n'kulakwitsanso, koma tinati ojambula ali ndi zawo."

Apo m'pamene ndinazindikira. Mzere wakuda, nkhope, dzina, zaka ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere, tsiku ndi ola. Ine wobadwira konkuno, amene ndinamata ndi manja angawa chidziwitso cha maliro a bambo anga pamtengo womwewo! Ndinacheukira a Svetozar kuti andithandize, koma iwo anali atagwira khoma, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Ndinathamangira kumbuyo kukaulula. Mayi Dobrila anamvetsera osaphethira, n'kutsitsa kapu bwinobwino.

"Abwera angati?"

"Adzaza mpaka panja. Amayi, ndikhululukireni, ndakuphani muli moyo."

"Iwe, munthu wojambula zaka makumi asanu angalephere kuzindikira mzere wakuda? Ndinauona tsiku lomwe unanditumizira chipepalacho."

"Ndiye osanena?"

"Makalata ako anathandiza chiyani?" Anaima n'kukonza kolala ya bulauzi yawo yofiira. "Achimwene afika?"

"Sindinawaone."

Atatulukira m'holo, mayi wina anakuwa n'kugwetsa kandulo. Enawo anayamba kudzilemba mtanda pachifuwa mothamanga. Kenaka mayi Stamena anasendera pafupi n'kuwatsina pamkono.

"Ndi wamoyo, mfiti iyi! Dobrila, wandiveka zakuda dzuwa lonseli, ndatseka shopu tsiku la msika, iwe uli pano ukununkha khofi?"

"Ukanabwera ndikanakuitana ndili moyo?"

"Ayi," anayankha mayi Stamena, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Palibe anabwerera. Munthu wavala kale suti apitenso kuti? Anayamba kuzungulira makoma, maluwa atabisa kumbuyo chifukwa cha manyazi. Zithunzi za mayi Dobrila si zokoma kuona msanga. Amamata nthanga za maplamu, dothi ndi zidutswa za matumba pansalu zazikulu ngati zitseko, ndipo ndinamva wina akufunsa mnzake ngati china sichinapachikidwe chadodolido. Koma pachithunzi cha kukhoma lapakati onse ankaima nthawi yaitali. Linali geti lobiriwira lotseka, lopanda munthu aliyense, ndipo panalibe wosalidziwa.

Mayi Dobrila ankapereka moni uku maso ali kukhomo. Ine ndinkaopa kuti tachita manyazi onsewa pachabe.

Belu la tchalitchi likuyamba kulira 12 koloko, a Radoje analowa. Suti yakuda yowathina m'mapewa, chipewa m'manja, maso ofiira ngati munthu amene sanagone masiku atatu. Anali atafumbata maluwa oyera asanu ndi limodzi. Anthu anapatuka okha, ndipo awiriwo anangopezeka ayang'anizana.

"Sunafe," anatero a Radoje.

"Ndikanafa bwanji musanafike, achimwene? Koma mwasunga mawu anu. Mwafika nthawi yake."

"Ukuyesa masewera? Chiwerengereni chipepala chako chija Lachitatu sindinadye. Ndalankhula nawe usiku ndi usana, ndakupepesa mpaka mawu kutha, iwe uli gwa ngati chitsa!"

"Ndiye bwerezani pang'ono, poti tsopano ndikumva."

A Radoje anatembenuka ngati akutuluka, koma miyendo sinawalole. Anayang'ana maluwa aja ngati akuwatentha m'manja.

"Awa sindingakupatse. Maluwa opita awiriawiri ndi a kumanda, wamoyo salandira."

Mayi Dobrila anawalanda maluwawo, n'kuwawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Anasolola limodzi, n'kuthyola phesi lake, n'kulisomeka m'thumba la jekete ya achimwene awo.

"Asanu anga, limodzi lanu. Alipo wakufa apa?"

Ine ndinalira, sindibisa. A Svetozar anayamba kuyenda ndi ndowa ya madzi akuuza aliyense kuti aponyemo duwa limodzi, otsalawo akapereke kwa mwini chionetsero. Matambula anga khumi ndi awiri aja anangokhala choseketsa, mpaka mayi Stamena anatuma kuti akatenge makapu a kushopu kwawo.

A Radoje sanamwe kanthu. Anakaima patsogolo pa geti lobiriwira lija, manja kumbuyo, nthawi yaitali ndithu. Mlongo wawo anaima pambali pawo. Ine ndinasendera pafupi ngati ndikuwongola kapepala ka dzina la chithunzi, makutu ali tcheru.

"Walakwitsa," anatero a Radoje. "Chotsekera chili kumanzere, osati uku."

"Ndinaliona komaliza kalekale, achimwene. Ndipo linali lotseka."

A Radoje anakhudza duwa lija pachifuwa, n'kuvala chipewa chawo.

"Ukamaliza ndi anthu akowa, tiye ukalione bwino. Ndalisiya lotsegula."