Anawiritsa Pilo Wanga

Ndimakhala kwa mwana wanga wamwamuna, m'kachipinda ka kuseri komwe kale ankasungiramo njinga. Pobwera ndinanyamula sutikesi, bulangeti ndi pilo basi. Piloyo sanali wogula. Mkazi wanga atamwalira, abale ake anagwera zovala zake ngati akhwangwala. Ine ndinabisako madiresi angapo, mipango, ndi juzi yofiira imene ankavala akudwala. Ndinazisokera m'thumba la nsalu n'kumatsamira. Ndikaika mphuno pamenepo ndinkamva mafuta amene ankadzola.

Chaka chino chifuwa chinandivuta. Ndikadzuka m'mawa kunali kuyetsemula, mphuno kutseka, m'chifuwa kulira ngati wezulo. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayo, ananditengera kuchipatala. Tinapeza namwino, kamtsikana kamene sikanafike n'komwe pa msinkhu wa pilo wanga.

"Agogo, pilo wanu munachapa liti?"

"Kodi ndabweretsa pilo kapena chifuwa?"

Anaseka, n'kuyamba kuuza mpongozi, ine ndili pomwepo ngati thumba la makala. Akuti m'pilo wakale mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timadya mfundu za khungu la munthu, ndipo zitosi zake ndi zimene ndimapuma. Akuti zofunda zizichapidwa ndi madzi otentha kawirikawiri.

Nsikidzi ndimaidziwa. Nsabwe ndimaidziwa. Imaluma, umaiphwanya ndi chikhadabo, magazi n'kuoneka. Koma izi zosaoneka, iwo anaziona bwanji? Munthu ukakalamba amakuuza chilichonse kuti akulande kako.

Titangofika kunyumba mpongozi anayamba.

"Bambo, piloyu tichape, kapena tikugulireni wina."

"Mukawagulire bambo anu."

"Ababa, musatero," anatero mwana wanga. "Akukufunirani zabwino."

Mwana ameneyu chikwatirireni akatsegula pakamwa mumatuluka mawu a mkazi wake. Ndinagula loko, ndipo ndikamapita ngakhale kuchimbudzi ndinkakhoma chitseko.

Ngati vuto ndi fumbi, fumbi ndimadziwa mankhwala ake. Umayanika chinthu padzuwa, n'kuchikwapula ndi ndodo mpaka chiyere. Koma panja ndi pa mpongozi, chingwe choyanikira n'chake, maso ake ali paliponse. Ndikanatulutsa piloyo, kutembenuka kamodzi kokha ndikanam'peza m'beseni. Choncho tsiku lina masana ndinatseka chitseko, ndinatseka windo, ndinaika pilo pampando, n'kuyamba kumukwapula ndi mpini wa tsache.

Fumbi linadzaza chipinda ngati utsi. Ndinapitiriza, chifukwa ndinkafuna zitheretu tsiku lomwelo. Kenako mpweya unakana kulowa. Ndikukumbuka ndikukwawira kuchitseko, ndipo mpongozi akugogoda, akuitana aneba kuti athyole.

Anandigoneka m'chipatala, chipaipi kumphuno. Aliyense wobwera kudzandiona ndinkamufunsa za pilo. Mwana wanga ankangoti, "Alipo, ababa, pumulani," maso ali pansi.

Tsiku lotuluka ndinapeza chipinda chakolopedwa, matiresi aphimbidwa ndi nsalu yatsopano, bulangeti likununkhira sopo. Pabedi panali pilo wa thumba loyera, wosokedwa ndi makina. Ndinamugwira. Kulemera kwake kunali komweko.

Mpongozi anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Bambo, sindinataye kanthu. Ndinamasula thumba lija chifukwa linali litawola. Nditaona kuti ndi zovala za amayi, ndinaziwiritsa mumphika waukulu, ndinayanika, ndinasita, n'kubwezeramo zonse. Ngakhale kansanza sikanasowe."

Ndinang'amba msoko ndi mano. Juzi ija inali itasuluka, ndipo kufiira kwake kunalowa m'madiresi onse. Diresi lobiriwira limene ankavala popita ku maukwati linasanduka mtundu wa matope. Ndinaika mphuno pa juzi, pa mipango, chimodzichimodzi. Sopo. Sopo yekhayekha.

"Munandifunsa?"

"Mukanakana, bambo."

"Ndiye munadikira ndigone ndi chipaipi kumphuno."

"Munatsala pang'ono kufa. Ndine ndinakunyamulani pansi apa, milomo itada. Mukanafa, anthu akanati mpongozi ankakugonekani pauve."

"Ndiye munachapa dzina lanu, osati pilo wanga."

Analira. Mwana wanga anabwera n'kumugwira paphewa, iye osati ine. "Ababa, amayi anapita kalekale. Zija zinali nsanza ndi fumbi."

"Fumbi lake linali la amako," ndinatero. "Tuluka."

Tsopano chifuwa chinaleka. Sindiyetsemula, wezulo uja anasiya. Izi sindikana, sindine wabodza. Aneba akandiona amati ndanenepa, ndipo amayamikira mpongozi, ati ndi mkazi waukhondo. Loweruka lililonse amalowa, amasenda bedi langa, amawiritsa nsalu zonse, ine ndili panja pampando ngati mlendo wodikira basi.

Zovala zija ndinazikulunga n'kukam'patsa mwana wanga patebulo, akudya.

"Kapatse abale a amako aja. Ankazilirira."

"Nanga muzitsamira chiyani, ababa?"

"Mkono. Kapena nawonso muuwiritsa?"

Mpongozi anaika supuni pansi. Ine ndinabwerera kuchipinda kwanga kopanda loko.