Tambala wa kwa Rozika

Kuno ku Zagorje aliyense amadziwa kuti ukaimba mluzu pafupi ndi tambala wa nkhukundembo, sangakusiye osakuyankha. Amatukumula khosi lofiiralo n'kukhuthula gulugulugulu wake yense ngati wamutukwanira amake. Ana amangosewera nazo zimenezi, koma Jalža anazisandutsa ntchito.

Mwamuna wake, Francek, anali munthu wa mluzu, ndipo ndi mluzu womwewo umene anamukopa nawo ali mtsikana. Masana akamakwera kumunda wa mphesa ankaimba njira yonse, Jalža ali pakhomo kumutsata ndi makutu. Ankayamba kuyankha ndi atambala a kwa Miškec, n'kulandira a kuseri kwa tchalitchi, kenako wa kwa Rozika wa mawu okhuthala uja, pomaliza a pamwamba pa phiri. Apo Jalža ankadziwa kuti bambo afika, n'kubwerera kumapoto ake.

Chaka chimene mwamuna wa Rozika anamwalira, nyimbo ija inayamba kudukira panjira. A kwa Miškec ayankha, a kutchalitchi ayankha, wa kwa Rozika ayankha, kenako zii. A paphiri ankadzamveka mochedwa, mthunzi wa mtengo wa mapulamu utafika kale pachitsime.

Tisanamizane, inali nsanje yeniyeni, yowotcha pamtima ngati chilungulira. Chopweteka kwambiri n'chakuti Rozika sanali munthu wapadera. Anali kuma wawo, mayi amene ananyamula mwana wawo pa ubatizo; kuno amayi awiri otero amatchulana kuma. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye Jalža ankangomeza mate, kumupatsa moni kutchalitchi uku akuyang'ana tsitsi lake lakuda bii lopanda imvi ndi imodzi yomwe.

Koma pakamwa pa Jalža sipankasunga kanthu nthawi yaitali. Tsiku lina akudya, anafunsa: "Inu, mluzu wanu masiku ano umathera pati?"

"Pakamwa panga, nanga uthere pati?" anatero Francek.

"Atambala a paphiri akudandaula kuti moni mukumawapatsa mochedwa. Kwa kuma mumakhala mukutani?"

Francek anaika supuni pansi. "Mkazi iwe, wayamba kutenga umboni kwa nkhuku? Pabwalo la Rozika sindinapondepo chiikireni maliro. Chitambala chakecho chingandilole? Si chija chinang'amba buluku la wapositi?"

Za chitambalazo sananame. Chinkalimbana ndi aliyense amene si wapakhomopo. Ngakhale abambo mfumu atabwera kudzadalitsa nyumba, Rozika anachita kuwaperekeza ndi tsache.

Mawa lake Francek ananyamuka osaimba mluzu. Njira yonse inali chete, mkucha wake chimodzimodzi. Jalža anadzitukwana kuti chitsiru ndi iye, waulula yekha msampha wake. Tsopano sankadziwa kumene mwamuna ali, ndipo pakhomo panasowa mluzu umene anaukwatiwira. Nyengo yonse yozizira anakhala choncho, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati banja lilipo kapena latha.

Kunja kutayamba kufunda, mathazi a nkhukundembo a Jalža anayamba kumanyonyomala pansi munthu akadutsa, mapiko ali tambasu, kufuna tambala. Wawo anali atadyedwa pa Khirisimasi. Zikatere kuno timanyamula thazi kupita nalo kwa mnzathu amene ali ndi tambala wabwino.

"Nyamulani thazi ili, tipite kwa kuma," anatero Jalža.

"Bwanji osapita kwa Miškec? Ndi pafupi."

"Atambala a Miškec ndi nkhalamba ngati mwini wawo. Tiyeni."

Rozika anawaona ali pageti. "Kuma Jalža, lowani, koma tolani ndodo kaye. Mukuchidziwa chigawenga changachi."

Jalža anatola ndodo, koma anakankhira mwamuna wake kutsogolo. Chitambala chija chinatulukira kuseri kwa nkhokwe, mapiko akukwekwesa pansi, mchira uli tambasu, mutu uli psuu. Mumtima Jalža ankachipembedza: mujomphe, mung'ambe buluku, mutulutse magazi ndithu. Akanamutsuka yekha mabalawo ndi manja awiri, akusangalala.

Chinathamanga mpaka pamapazi pa Francek n'kuima. Mchira unapindika, kufiira kuja kunazilala. Chinayamba kulira motsitsa, purrr, purrr, kulira kumene nkhukundembo imalirira munthu woidyetsa. Kenako chinatalikitsa khosi, n'kulowetsa mlomo m'thumba lakumanzere la jekete yake, kufufuza ngati pamalo pozolowera.

Rozika anayang'ana kumbali, Francek anaima pomwepo, thazi lili m'khwapa. Jalža anakumbukira timaso ta chimanga timene ankapeza m'thumba lomwelo akamachapa, n'kumangoganiza kuti n'zakunkhokwe kwawo.

Chitambala chija chitaona kuti m'thumba mulibe kanthu, chinatembenuka, n'kuona mlendo. Mutu unafiiranso. Chinamudumphira Jalža n'kumukhadzula pamsongolo, magazi chuu mpaka m'nsapato. Ndodo inali m'manja, koma sanaitukule.

"Kuma, chimenyeni!" anakuwa Rozika.

"Chalakwa chiyani?" anatero Jalža. "Chikudziwa wapakhomo ndi mlendo."

Anatenga thazi lake m'khwapa mwa Francek n'kutuluka pageti yekha. Mwamunayo atafuna kumutsatira, iye sanacheuke n'komwe.

"Tsalani, bambo. Mbalame yanu sinadye."