Jekete ya Achikulire

Kampani yathu ya ulonda ikafuna kukusuntha sifunsa maganizo ako. Ine inandichotsa pageti pa sukulu, pomwe ntchito yaikulu inali kukalipira ana ochedwa, n'kukandiponya kumalo osungirako matayala ndi zitsulo za magalimoto. Kumeneko kunali galu. Dzina lake Sajeni, wakuda bii, mutu ngati mtondo, ndipo ankadya bwino kuposa alonda tonsefe.

Amene ankamugwira anali bambo ena omwe tinkangowatchula kuti Achikulire, ndipo anali atawachotsa ntchito ati chifukwa akalamba. Tsiku lotsanzika anandikokera kuseri kwa kanyumba ka alonda n'kundipatsa jekete yawo, yothimbirira, yonunkha thukuta ndi fodya.

"Mwana wanga, galuyu samvera munthu, amamvera fungo," anatero. "Uzivala iyi ukamatsegula khola. Usadzayerekeze kuichapa."

Maphunziro anga onse a agalu anathera pomwepo. Nditafunsa supavaiza za kosi, anandiseka pamaso. "Kosi ya chiyani? Galu ndi galu. Ngati sukufuna unene, ku ofesi anthu ali pamzere."

Jekete ija inagwiradi ntchito. Sajeni ankainunkhiza kuyambira m'manja mpaka m'khwapa, kenako n'kulola kuti ndimumange tcheni. Komabe mantha sanandichoke. Ndinkadziwa kuti galuyo sakulemekeza ine, akulemekeza nsanza. Kunyumba sindinanene kanthu, poti mkazi wanga anali woyembekezera ndipo sindinafune kuti azigona mtima uli m'malere. Jeketeyo ndinkaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuikankhira pansi pa bedi.

Loweruka lina ndinadzuka masana, poti ndinkagwira usiku, n'kuipeza ili pachingwe, itauma kale, ikununkhira sopo.

"Bambo a mwana, mumayenda bwanji ndi chinthu chonunkha chonchi?" anatero mkazi wanga, akumwetulira. "Anthu aziti mulibe mkazi. Ndachita kuiviika kawiri."

Sindinamukalipire, akanadziwa bwanji? Ndinangoti zikomo, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Panjira yopita kuntchito ndinaimbira Achikulire, foni yawo sinkapezeka. Ndinagula ndudu, ine wosasuta, n'kumafukizira utsi m'khwapa mwa jekete, anthu akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinathamanganso dala kuti ndituluke thukuta. Koma thukutalo linali langa.

Tsoka sasimba, tsikulo supavaiza anali atafika kale, atakhala panjinga yake yamoto pafupi ndi khola. Antchito a pamalopo anali akuweruka, ndipo eni malo amafuna galu azikhala panja geti lisanatsekedwe.

"Bwana, lero galuyu asatuluke," ndinayesa kuchonderera. "Jekete yachapidwa."

"Ndiye ndikauze kasitomala kuti galu sagwira ntchito chifukwa mkazi wako ndi waukhondo? Tsegula, kapena uvule yunifomu pompano."

Ndinaganiza za mkazi wanga ndi mimba yake. Ndinakoka chitsulo chotsekera khola.

Sajeni anatuluka akugwedeza mchira. Ananunkhiza dzanja la jekete. Ananunkhiza m'khwapa, nthawi yaitali, akufunafuna. Kenako mchira unaima. Ndinamva kubangula kwapansipansi, kochokera m'mimba mwake.

"Sajeni, khala," ndinatero, kuyesera mawu a Achikulire.

Ndinangozindikira ndili chagada pasimenti, mkono uli m'kamwa mwake. Ankaugwedeza ngati chiguduli. Ndinakuwa, ndinaitana amayi anga omwe anamwalira kalekale. Mlonda mnzanga wa pageti ndi amene anathamanga ndi paipi yamadzi n'kumuthira m'mphuno mpaka anandisiya, n'kumukankhira m'khola.

Supavaiza anatsika panjinga. Anayamba wasuzumira m'kholamo kuona ngati galu wavulala, kenako n'kubwera kwa ine. Magazi anali akuyenderera m'zala.

"Kuchipatala ukanene kuti wakuluma ndi galu wa m'njira," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana cha ku ofesi ya eni malo. "Kasitomala akamva kuti galu wathu amaluma alonda athu omwe, kontrakiti yatha, ndipo tonse tili pamsewu."

Ndinagwedeza mutu movomera. Kuseri kwa waya Sajeni anali ataima chilili, maso ali pa ine, osaphethira.

"Mawa ubwere msanga, palibe wina woti amutulutse," anatero supavaiza akuliza njinga. "Usaope. Tsopano wakudziwa."