Boti Lopendekeka la Lorenso

"Ili ndi beseni, si boti ayi," anatero Maliko, akuligogoda m'mbali ndi chala.

Otilia anamva mawuwo ali pamkeka pansi pa msangu, pafupi ndi dooko, pomwe mwana wake Anastazia anamukhazika. Tsitsi la Otilia linali lisanamere chimetereni pamaliro a mwamuna wake, Lorenso. Amene anaitana Maliko, wamalonda woolotsa anthu ku Makhanga madzi akasefukira, anali Kalisto, mng'ono wa malemu. Katundu yense anali m'manja mwake monga mwa mwambo, ndipo iye ankafuna boti ligulitsidwe kuti nyumba ya mlamu wake ifoleredwe ndi malata. Sanali munthu woipa, iyayi. Kungoti ku Bangula, komwe ankagwira ntchito ya njanji, mbiri ya botili inkamufika ili nthabwala zokhazokha.

Nanga anthu akanaleka bwanji kuseka? Lorenso analigula kwa mzungu wa kuesiteti ya nzimbe amene ankabwerera kwawo, ndipo pa maboti onse amene azunguwo ankasewerera pa Shire, lotchipa kwambiri linali lomweli. Ukonde silinkanyamula, matumba a chimanga ndiye musanene. Injini yake inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Anyamata ogulitsa makhadi a chipani anafika pomufunsa ngati wasanduka bwana, iye n'kungoseka.

Maliko anakwera n'kukhala pa thabwa la woyendetsa. Nthawi yomweyo boti linapendekekera kumanja, madzi n'kutsala pang'ono kulowa.

"Mayo ine! Taonani! Thabwa analikhomera m'mphepete, uku n'kumangirirako mpando wodula miyendo. Bambo Kalisto, ine nditenga injini yokha. Chotsalacho muzimwetseramo mbuzi."

"Mbuzi zake ziti?" Anastazia anapsa mtima. "Bambo anga aikidwa dzana lomweli!"

"Khala chete, mwanawe," anatero Kalisto. "Mvula ikabwera mayi ako adzafunda botili?"

Otilia anachita mantha. Anaona kuti akapitiriza kukhala chete, dzuwa lilowa injini ili pa njinga ya Maliko.

"Alamu, ndinyamuleni. Ndikufuna ndilitsanzike."

"Inu muli pamaliro, alamu."

"Maliro ake ndi anga. Ndinyamuleni."

Mwendo wake wakumanzere unafa kalekale, choncho Kalisto ndi Anastazia anamugwira uku ndi uku mpaka m'madzi, n'kumukhazika pa mpando wodula miyendo uja. Boti linagwedezeka pang'ono, kenaka linawongoka, n'kukhala bwinobwino pamadzi.

Onse anangoti kukamwa yasa.

Otilia sanayang'ane n'komwe. Dzanja lake linapeza lokha kapaipi komangidwa ndi waya kumbuyo kwa mpando, n'kulowetsamo ambulera imene Anastazia anamupatsira.

"Ine ndinabadwira m'dambomu," anauza Kalisto. "Mwendo utafa sindinkathanso kugwada m'bwato, ndiye ndinkangolira kumtunda ngati nkhuku. Akulu anuwo anati, 'Ndikupezerani lokhala ndi mpando.' Litabwera linkapendekekera kwa ine, paja ndine wonenepa, iwo anali kamunthu kowonda. Ndiye anasuntha thabwa lawo mpaka m'mphepete. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkapita kukaona maluwa a nyika oyandama pamadzi ndi akakowa. Osagwira ngakhale kansomba kamodzi, alamu! Kungoyenda basi."

Anaseka, misozi ikutsika.

Kalisto anayang'ana thabwa lija, pomwe panachita kusalala ndi kukhalidwa. Anavula nsapato n'kupinda buluku.

"Bambo Maliko, tatsikani. Pepani takuvutitsani ulendo."

"Nanga malata aja?" anafunsa Maliko.

"Udzu m'dambomu sunathe. Ndidzafolera ndekha."

"Takhuta, alamu," anathokoza Otilia.

Kalisto anakhala pamalo a mkulu wake n'kukoka chingwe cha injini. Zii. Anakokanso mpaka thukuta kamukamu, koma injini inangoti khoo, n'kuzima.

"Simukoka ngati mukukangana nayo," anatero Otilia. "Iwo ankayamba aisisita pamutu, n'kuiuza kuti, 'Tiyeni agogo, mayi akudikira.'"

Kalisto anacheuka kuona ngati Maliko akumva. Ankamva ndithu, mano onse ali pamtunda. Komabe anaika dzanja pa injiniyo, pomwe utoto unafufutika ndi chikhatho cha Lorenso, n'kuisisita.

"Tiyeni agogo," ananong'ona. "Mayi akudikira."

Ndipo anakoka chingwe.